Kompyuta ya Bwana Wamapu

9 Malichi

Mwana wanga Kachingwe,

Moni wochokera kwa ine bambo ako. Kuno ndadzuka, bondo lokha ndi limene limandikumbutsa zaka zanga ndikamakwera masitepe. Kaya iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu anga awiri aja muli bwanji kumeneko? Kalata yako yafika Lachiwiri. Ndinaitembenuza, ndinaona kuti sitampa anaimata mokhota, ndinadziwiratu kuti ndi dzanja lako. Papita zaka ziwiri usanalembe. Sindikukuimba mlandu, ndangonena.

Akundilembera kalatayi ndi Mayi Telala a khomo loyandikana ndi langa, chifukwa maso anga ndi cholembera sizigwirizananso, ndipo kunena zoona sizinagwirizanepo kwenikweni. Ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asawapinde mpendero ngati diresi. Za foni usanditopetse nazo. Khutu langa lamanzere linapuma pantchito ine ndisanapume, komanso mawu a pa foni ukangotseka atha. Kalata ndimaisunga.

Wafunsa za kompyuta ya ku ofesi ya mapu, ukuti masiku ano ukusonkhanitsa makompyuta akale. Mayi Telala atawerenga pamenepo ndinawauza kuti abwereze. Ine ndinkayesa unaiwala komwe bambo ako ankagwira ntchito. Ndingaiiwale bwanji kompyuta imeneyo? Tsiku limene inabwera ndine ndinainyamula kuchoka m'galimoto mpaka m'chipinda cham'mwamba, masitepe makumi atatu ndi anayi, osaiika pansi. Bwana Wamapu ankayenda pambuyo panga manja ali m'mwamba ngati ndanyamula khanda lawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi palibe mesenjala wina ankaloledwa kuipukuta. Ndinali ndi kansalu kakekake. M'mawa bwana akaiyatsa inkayamba kulira ngati njuchi ili m'botolo, kenako inkagogoda katatu, ndiye ine ndinkadziwa kuti nthawi yotereka tiyi yakwana.

Ofesi itagula zatsopano, bwana anaipempha n'kupita nayo kwawo. Iwo anatisiya chaka chatha, mwina sunamve. Kompyutayo iyenera kuti ili ndi Adona, akazi awo. Ndipitako ukangondiyankha, ndivala jekete.

Undiuze, kodi ukufuna kuti ana ako aone chimene agogo awo ankasamala? Ngati ndi choncho, wachita bwino kwambiri.

Ndine bambo ako.

28 Malichi

Bambo,

Moni. Tonse tili bwino, ana akukula, ntchito ndiyo yachuluka. Pepani za bondolo, muzidzola mankhwala aja.

Nkhani ya kompyutayo yandisangalatsa kwabasi. Mtundu umenewo ndi wosowa. M'gulu lathu la osonkhanitsa makina akale tilipo atatu okha amene tili nayo, ndipo yangayo ndi yosakwanira. Mukapita kwa Adona mukandionere zinthu ziwiri. Choyamba, manambala amene ali pa kachitsulo kumbuyo kwake, muwakopere bwinobwino. Chachiwiri, mukailumikize ku magetsi, mumvetsere ngati ikugogodabe katatu paja mwanena. Sikirini ikapanda kuonetsa kanthu musadandaule, ine ndikufuna kudziwa za kugogodako. Musalole wina aliyense aitsegule.

Ikakhala kuti ikugogoda, ndibwera ndekha mu Juni.

Mwana wanu.

20 Epulo

Mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi onse a m'nyumba mwako. Kalata yako ndaimva kawiri, ndipo pamene pali mawu oti ubwera mu Juni, Mayi Telala andiikira chizindikiro ndi choko chawo chosokera kuti ndizipaona ndekha.

Kwa Adona ndinapita. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando wa pabalaza, ine amene zaka zonse zija ndinkathera pakhonde ndi envulopu m'manja. Akalamba, koma msana ukadali wowongoka. Kompyuta ndinaipeza m'kachipinda ka pawindo, ataifunditsa nsalu ya patebulo. Manambala ndi awo ali m'munsiwo. Ndinawajambula ndekha papepala, imodziimodzi, monga ndinkachitira ndi manambala a mafayilo.

Nditanena kuti ndikuipempha, nkhope yawo inasintha. Anati, "Amesenjala, pemphani mpando, pemphani tebulo, nditumiza anthu akutulireni pakhomo. Koma umu muli amuna anga."

Ndiye anandifotokozera. Bwana atapuma pantchito, m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zitatu ankakhala pamenepo n'kumalemba ndi zala ziwiri. Ankati akulemba za moyo wawo kuyambira ali mwana, za maulendo awo oyeza malo, ndi za tsiku limene anakumana ndi Adona. Adona akapempha kuti aoneko, bwana ankaphimba sikirini ndi nyuzipepala n'kunena kuti sizinathe, mudzawerenga ine nditapita. Miyezi iwiri asanamwalire sikirini inada, ndipo matenda sanawapatse mpata woti aikonzetse. Papepala palibe ngakhale tsamba limodzi. Ana awo anafunsako m'mashopu, koma okonza a masiku ano anangoseka, akuti chimenecho chinabadwa iwo asanabadwe.

Tinailumikiza ku magetsi monga unanenera. Inalira, kenako inagogoda katatu. Adona anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Pamenepo ndinawauza kuti mwana wanga ndi katswiri wa makina amenewa, anthu akunja amamufunsa nzeru, akubwera mu Juni ndipo adzaidzutsa kuti mawu a bwana atuluke papepala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti akulonjezayo ndani, ine kapena mwana amene iwo anamuona komaliza ali ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Ndinati ndine. Anati ngati ndi inu, tengani.

Ndinabwereka wilibala kwa Wamawailesi wa pakona uja, ndinayalamo bulangete langa, ndinayenda nayo pang'onopang'ono kulambalala maenje. Msewu wonse anthu ankandifunsa ngati wodwalayo ndikupita naye kuchipatala kapena kumanda. Panopa ili patebulo lodyera, ine ndikudyera pamwendo.

Sindinalekere pomwepo. Poti ukusonkhanitsa, ndakhala ndikuyenda. Ku sukulu ya akalaliki anandipatsa makiyibodi anayi, imodzi yaguluka zilembo ziwiri. Mlonda wa kosindikiza mabuku, mnzanga wakale, anandilowetsa kuseri, ndinapezako katoni ya madisiki ofewa aja okhala ngati maenvulopu akuda, ndi timausi tiwiri ta kampira kunsi. Wamawailesi akuti ndatsegula nyumba yosungiramo okalamba, ndipo woyamba kulembedwa m'kaundula ndine.

Chipinda chako ndachipaka laimu. Undiuze ukhala masabata angati, ndiponso ngati ana akubwera, kuti ndipezeretu matiresi ena.

Ndine bambo ako.

24 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira unafika bwino ndipo ndege sinakugwedeze kwambiri. Ine ndilipo.

Sindikudandaula kuti unafika Lachisanu masana n'kunyamuka Loweruka m'mawa. Unati ndi ntchito, ndipo ntchito ndimaidziwa. Sindikudandaulanso kuti unakagona kuhotela. Laimu sawonongeka, adikira. Katundu ndinakutolera uja unangomuponyera diso n'kunena kuti zimenezo zili paliponse. Chabwino, ine sindinapite patali ndi sukulu, sindikanadziwa. Ndinakondwa kukuona. Wanenepa, ndipo imvi zakuyamba pamwamba pa makutu monga zinandiyambira ine.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna undiyankhe bwinobwino. Utatsegula kachikwama ka zida zako unandituma kuti ndikagule mabatire a tochi, ukuti m'kati mwa kompyutamo muli mdima. Ndinapita mokondwa, ndinati lero ndikutumikira mwana wanga injiniya. Pobwera ndinapeza watseka kale, ukupukuta manja. Unati, "Bambo, yafa iyi, palibe chimene ndingachite." Ndinafunsa za mawu a bwana, unati tikambirana, kenako foni yako inalira n'kutuluka nayo panja.

Lamulungu ndinati ndiisunthe kuti ndipukute patebulo. Mwana wanga, kompyuta imeneyi ndinakwera nayo masitepe onse aja, ndipo mu Epulo momwemu ndinaikweza pa wilibala ndi manja omwewa. Kulemera kwake ndimakudziwa. Yapepuka, makamaka mbali ya kumanja. Ndinailumikiza ku magetsi. Kulira ikulira, koma kugogoda kuja kulibe.

Mwina pali chimene unachotsa kuti ukachikonzere kumeneko komwe kuli zida zabwino, ndipo unaiwala kundiuza chifukwa cha changu. Mayi Telala ndawauza kuti ndi momwemo, ngakhale akulemba atakweza nsidze. Ngati ndi choncho lemba msanga, unene tsiku limene chinthucho chibwere. Adona atumiza uthenga kawiri. Ndawayankha kuti ntchito ili m'kati.

Ndine bambo ako.

30 Julayi

Kachingwe,

Moni. Masabata asanu apita. Wapositi wayamba kupukusa mutu ali patali, ine ndisanafunse. Kodi mukudwala kumeneko? Ngati mukudwala nena, ndidziwe choti ndizidandaula nacho.

Unati ndisalole wina aliyense aitsegule, ndipo mawu akowo ndinawasunga mpaka dzulo. Dzulo ndinaitana Wamawailesi. Iye si wa makompyuta, ananena yekha, koma akuti bokosi ndi bokosi. Anamasula, anaunika ndi tochi yomwe ija ndinakagulira mabatire. Mbali ya kumanja kuli malo opanda kanthu, aakulu ngati njerwa, fumbi lazungulira m'mbali koma pakati m'poyera. Zingwe ziwiri zikungolendewera. Masikuluwu anayi unawakulunga bwinobwino m'kapepala n'kumata ndi selotepi m'kati mwa chivundikiro, monga ndinkakuphunzitsira uli wamng'ono kuti kanthu ka eni sataya. Wamawailesi anati chimene chinali pamenepo ndi disiki, mosungiramo zonse zolembedwa.

Anayang'ananso kwina, anati sikirini inada chifukwa cha kanthu kamodzi kamene katupa ngati nyemba yonyowa, ndipo iye ali nato tambirimbiri m'chitini. Anakasintha ine ndikuona. Sikirini inayaka. Inalemba mzere umodzi, Mayi Telala anawerenga, akuti ikufunsa disiki. Wamawailesi ndi munthu wanthabwala, iwenso ukumudziwa, koma anangonyamuka n'kutuluka, mpaka anaiwala chipewa.

Ndiye kuti sinafe. Unandiyang'ana m'maso, m'nyumba mwanga, n'kunena kuti yafa.

Adona ndinakumana nawo Lachitatu pageti la chipatala cha maso. Amachokera kotenga magalasi atsopano, akuti akale aja sangawerenge nawo masamba ambiri. Apezeratunso mtokoma wa mapepala, akuti osindikiza asadzanamizire kusowa pepala. Ine ndinangoyang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa.

Bweza disikiyo, Kachingwe. Ngati ukuopa kuti iwonongeka m'njira, ikulunge m'malaya ubwere nayo wekha. Sindikufunsa chifukwa chimene unatengera. Ingobweza.

Ndine bambo ako.

19 Ogasiti

Bambo,

Moni. Sitikudwala ayi, ndinangotanganidwa ndi chionetsero cha makina akale. Pepani kuti ndachedwa kuyankha.

Ndikuona kuti nkhaniyi yakukhalani pamtima, ndiye ndifotokoze. Inde, disiki ndinatenga. Ndikanakuuzani mukanakana, ndipo nthawi yokambirana panalibe. Muyenera kumvetsa kuti madisiki a mtundu umenewo amene akuzungulirabe, pa dziko lonse mwina sakukwana khumi. Kumeneko ikanafa ndi fumbi ndi kuthimathima kwa magetsi chaka chisanathe. Kuno ili m'kompyuta yanga, pamalo ouma, ndipo pachionetsero anthu anaima pamzere kuti aimve ikugogoda. Ndinawauza kuti anaipeza ndi bambo anga, onse anaomba m'manja.

Za zolemba za bwana, pa sikirini zinkaoneka, koma kuzikopera kunakana chifukwa pulogalamu imene ankalembera ndi yachilendo. Ndinayesa masiku awiri. Kuzijambula tsamba ndi tsamba kukananditengera sabata yathunthu, chionetsero chinali chitayandikira, ndipo disikiyo inkafunika kuti ndiikemo zoyendetsera makina anga. Ndiye ndinaifufuta. Sizingabwezedwenso. Kunena zoona zinali zolemba za munthu wokalamba, zambiri zinali zobwerezabwereza.

Adona musawavutitse ndi zonsezi. Muwauze kuti katswiri anayesetsa koma inali itafa kale. Pa msinkhu wawo zimenezo n'zosavuta kulandira. Ine ndiwatumizira kompyuta yatsopano yopyapyala, azioneramo zithunzi za adzukulu awo. Inunso ndakupezerani nsapato zofewa zothandiza bondolo.

Mwana wanu.

8 Seputembala

Kachingwe,

Mayi Telala akuti kalata imayamba ndi moni. Ndawauza kuti alembe zoti ndili moyo, zikwanira.

Kalata yako anandiwerengera kamodzi, sindinapemphe kuti abwereze. Nsapatozo zikafika ndizibweza osatsegula. Anthu anaomba m'manja aja ukawauze kuti bambo ako sanapeze kanthu. Anachita kupempha kwa mayi wamasiye, n'kulonjeza ndi pakamwa pawo.

Lolemba ndinabwerekanso wilibala. Ulendo uno palibe anaseka mumsewu, kaya nkhope yanga inkaoneka bwanji. Bodza lako lija ndinayenda nalo mpaka pageti la Adona, sindikubisira. Ndinaima pamenepo n'kumaliganizira. Linali losavuta kunena, ndipo likanakutchinjiriza iwe ndi ine ndemwe. Koma ndinaona kuti Adona adzandithokoza chifukwa choyesetsa, adzandipatsa tiyi, ndipo ine ndidzamwa. Zimenezo zinandikanika.

Ndinawapeza atavala magalasi atsopano aja, mapepala ali patebulo osatsegula. Anandilozera mpando, ine ndinakhalabe chiimire. Ndinanena zonse mwadongosolo, kuyambira pa mabatire, malo opanda kanthu aja, chionetsero, kufufuta, mpaka mawu ako oti zinali zobwerezabwereza. Sindinati katswiri, ndinati mwana wanga. Sindinati zinawonongeka, ndinati anaba, ndipo amene anamutsegulira khomo ndine.

Sanalire, sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanandigenda ndi kapu. Anavula magalasi, anawapinda, anawaika m'kabokosi kake. Anandipempha kuti ndibwezere kompyutayo pamalo pake pawindo, poti okha sangathe kuinyamula, ndipo anaifunditsa nsalu. Ndili pakhomo kuti ndizituluka anandiitana.

Anati, "Amesenjala, mwana wanuyo akuti zinali zobwerezabwereza. Ndiye kuti anawerengako. Amuna anga ankabwereza chiyani?"

Zaka makumi asanu ndi ziwiri anakhala ndi bwana m'nyumba imodzi, ndipo lero zonse zimene bwana anawalembera zatsalira m'mutu mwa munthu amene ankawerenga akuyang'ana wotchi.

Makiyibodi ndi madisiki ofewa aja ndikubweza kwa eni ake, khomo ndi khomo. Akandifunsa za mwana wanga injiniya ndimati ali bwino, n'kupitiriza ulendo.

Tsono tamvera. Kompyuta yopyapyalayo usatumize, sanapemphe zithunzi. Khala pansi, tenga pepala, ulembe chilichonse chimene maso ako anaona pa sikiriniyo, kaya ndi dzina la phiri, kaya ndi tsiku, kaya ndi mtundu wa diresi, ngakhale mzere umodzi wosafika kumapeto. Usakometsere, usawonjezere zako. Iwo amuna awo ankawadziwa, bodza adzalimva pa liwu loyamba. Ngati palibe chimene ukukumbukira, lemba zomwezo, usaine dzina lako lonse, kuti aleke kudikira. Keyala yawo Mayi Telala ailemba m'munsimu. Kalatayo ipite kwa iwo, isadzere kwa ine. Ine usandilembere kufikira Adona atandiuza okha kuti yafika.

Ndine bambo ako, poti zimenezo sizifufutika.